Pa njanji za kumpoto kwa England ndi achikulire

Lachiwiri usiku, Leeds

Matikiti tagula, mawa kukacha tikunyamuka. Tili awiri, ine ndi achikulire a nyumba yoyandikana ndi yathu, mzungu yemwe adapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Ku njanji sadagwireko ntchito, koma sitima iliyonse yolowa pa siteshoni ya Leeds amaidziwa komwe idapangidwa, chaka chake, ngakhale kalilidwe ka injini yake. Ubwenzi wathu udayamba tsiku lomwe ndidawauza kuti malemu bambo anga ankakonza mabogi ku Limbe. Kuyambira pamenepo akhala akunena kuti Pasaka ikakwana adzanditenga ndikaone njanji za kumpoto kuno ndi maso anga.

Madzulo ano kunabwera anzawo awiri a ku kalabu ya okonda tisitima tating'ono totsanzira zenizeni, bambo wina wamtali ndi mayi wina wa imvi, kudzatithandiza kusankha matikiti. Tinazungulira tebulo la kukhitchini, tiyi pakati, laputopu pambali, nkhani n'kupsa. Kuno kugula tikiti ya sitima kumafuna mutu. Ilipo ya Advance, yotsika mtengo, koma imakumangirira pa sitima imodzi yokhayo yomwe yalembedwapo, ndipo ukachedwa wekha ndalama yapita. Amayamba kuigulitsa kukatsala pafupifupi masabata 12, ndipo mtengo umanka nukwera malo akamatha. Ilipo ya Off-Peak, yomwe umakwera nayo sitima iliyonse bola isakhale nthawi imene anthu akuthamangira kuntchito. Ndiye pali ya Anytime, yosasankha nthawi, koma yoboola m'thumba.

"Lachinayi musayerekeze kugula ya Advance," anatero mayi aja akuloza mapu ndi supuni. "Si mukufuna kukatsika pa Ribblehead? Imeneyo siilola kudukiza ulendo. Mukatsika panjira ndiye kuti tikitiyo mwaiwononga."

Bambo wamtali uja nkhani yake inali yoduladula tikiti. M'malo mogula imodzi kuchokera poyambira mpaka pothera, umagula ziwiri kapena zitatu, iyi kukathera pa siteshoni ya pakati, inayo kuyambira pomwepo. Sutsika, susinthanso mpando, koma ndalama zonse pamodzi zimachepa. Lamulo limalola, chachikulu sitimayo iime pa siteshoni imene matikiti akumanirana. Anayesa pa ulendo wathu wa Lachisanu, kudula apa, kudula apo, mpaka tinapulumutsa ndalama yokwanira chakudya chamasana cha tonse awiri. Pamwamba pa zimenezi tagula khadi ya Two Together, ya anthu awiri oyenda limodzi. Ili ndi zithunzi zathu tonse, imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, koma mkati mwa sabata siigwira ntchito isanakwane 9:30 m'mawa.

Ine zimenezi zandisangalatsa komanso zandipweteka. Anthu awiri akhoza kukhala mpando umodzi, kupita kumodzi, wina atalipira kawiri kuposa mnzake, chifukwa choti wina ali ndi abwenzi odziwa pomwe wina alibe. Wolipira zambiriyo kawirikawiri amakhala mlendo, nkhalamba yosazolowera foni, kapena munthu amene wamva uthenga wa maliro usiku ndipo ayenera kunyamuka m'mawa. Ndinawauza zimenezi. Mayi aja anavomera, nati n'chifukwa chake iwo akamva munthu pa siteshoni akufunsa mtengo amalowererapo ngakhale sanaitanidwe.

Lachitatu, Keighley ndi Oxenhope

Sitima yamagetsi yochoka ku Leeds inatifikitsa ku Keighley theka la ola lisanakwane, kudzera ku Shipley ndi Bingley. Pa siteshoni imeneyi pali nyengo ziwiri zosiyana zongolekanitsidwa ndi mlatho wa oyenda pansi. Mbali iyi sitima za lero, mbali inayo nyali zakale, mabenchi a matabwa, ndi sitima yamalasha ikupuma utsi.

Njanji imeneyi amaitcha Keighley and Worth Valley. Ndi yaifupi, makilomita 8 okha, kukwera chigwa kudzera ku Ingrow, Damems, Oakworth ndi Haworth mpaka ku Oxenhope. Idatsegulidwa mu 1867 kuti izitumikira mafakitale a nsalu za ubweya, boma lidaitseka mu 1962, koma anthu a m'chigwamo adakana kuiiwala. Adasonkhana, adaigula, ndipo mu 1968 sitima idayambanso kuyenda. Mpaka lero pafupifupi onse ogwira ntchito kumeneko ndi ongodzipereka. Yemwe anatigulitsa tikiti yoyendera tsiku lonse pa kawindo anati iye ndi wokonza mapaipi a madzi. Gadi wathu, mayi wovala yunifolomu yakuda ndi mbendera yobiriwira m'manja, anati mawa ali pa ntchito ya usiku ku chipatala.

Ine pobadwa n'kuti sitima zamalasha zitasiya kale kuyenda kwathu. Ndinkangomva kwa bambo, ndipo yomwe ndidaionapo ndi ija yongoima panja pa nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, yozizira, ana asukulu akujambulitsa pambali pake. Lero ndaiona yamoyo. Ndinaima pafupi ndi khomo la dalaivala. Wosonkhezera moto anatsegula chitseko cha ng'anjo, kuwala kofiira kunamumenya kumaso, iye n'kuponya mafosholo a malasha, osati pamodzimodzi ayi, koma lina kumanzere, lina kumanja, lina kutsogolo kwenikweni, kuti moto uyale mofanana. Thukuta linali litalemba mizere pa mkono wake wakuda ndi fumbi. Pansi pa injini madzi otentha anali kudontha pa miyala, ndipo fungo linali la malasha ndi oyilo wotentha. Pochoka pa Keighley njanji imakwera chitunda chokhota, choncho injini imagwira ntchito yeniyeni, kufwenthera mwamphamvu mpaka mabogi kunjenjemera.

Koma chimene chinandigwira mtima chinachitika ku Oxenhope. Kumeneko injini imamasulidwa, n'kuzungulira pa njanji ya pambali kuti ikagwire mabogi mbali inayo. Mnyamata wina wovala ovolosi anatsikira pakati pa injini ndi bogi yoyamba, anawerama, anamasula paipi ya mabuleki, anapotokola chitsulo cholumikizira, n'kuchinyamula ndi manja awiri kuchichotsa pa ngowe. Potuluka anapukuta manja pa kansanza kamene kanali kulendewera m'thumba lakumbuyo. Bambo anga kansanza koteroko sikankachoka m'thumba mwawo, ngakhale Lamulungu, ndipo amayi ankakachotsa mwakachetechete tisanalowe m'tchalitchi. Ndinaima pamenepo osayankhula. Achikulire anandiona, sanafunse kanthu, anangopita kukagula tiyi.

Tinakwera ndi kutsika chigwacho mpaka dzuwa kupendeka. Pa Damems, kasiteshoni kakang'ono kwabasi, pulatifomu yake imangokwana bogi imodzi. Tagona ku Keighley konkuno.

Lachinayi, kuchoka ku Keighley mpaka ku Carlisle

Lero ndiye tsiku lomwe achikulire akhala akuliimbira nyimbo chaka chonse. Tinakwera sitima yopita ku Carlisle, kudutsa Skipton ndi Hellifield, ndipo titangopitirira Settle anandiuza kuti ndisinthe mpando ndikhale ku windo. Kuyambira pamenepo njanji imakwera osapuma. Mitengo imayamba kuchepa, minda imasanduka mabusa odulidwadulidwa ndi mipanda ya miyala yosanjidwa popanda simenti, ndipo nyengo ino paliponse pali nkhosa ndi tiana take tongobadwa kumene. Kumanja kunaoneka phiri la Pen-y-ghent, kumanzere Ingleborough, mutu wake uli m'mitambo.

Njanji ya Settle mpaka Carlisle ndi ya makilomita pafupifupi 116. Idamangidwa ndi kampani ya Midland Railway, yomwe inkafuna njira yakeyake yopitira ku Scotland m'malo modalira njanji ya kampani ina. Katundu adayamba kudutsa mu 1875, anthu mu 1876. Popeza ankafuna sitima zothamanga, sadalole njanji kuzemba mapiri mokhotakhota, koma kuboola ndi kudumpha. N'chifukwa chake pali mphanga 14 ndi milatho italiitali yoposa 20.

Tinatsika pa Ribblehead. Mphepo ya kumeneko, abale, imalowa mpaka m'mafupa. Palibe mudzi, pali siteshoni, nyumba imodzi yogona alendo, ndi chipululu cha udzu wofiirira. Ukayenda pang'ono ndi kanjira ka miyala, mlatho waukulu wa njanji wa Ribblehead umayamba kukula pamaso pako. Uli ndi makomo 24, utali wake mamita 400, ndipo pamene patalika kwambiri ndi mamita 32 kuchoka pansi. Ndinakaima pansi pa khomo limodzi n'kugwira mwala. Mwala umodzi wokha ndi waukulu kuposa tebulo la kunyumba kwanga, ndipo udakwezedwa pamenepo kulibe makina a masiku ano. Tili pomwepo sitima ya katundu inadutsa pamwamba, phokoso lake likumveka ngati likuchokera kumwamba ndi pansi nthawi imodzi.

Achikulire sanalankhule zambiri za miyala. Anandilondolera ku tizitunda ndi maenje omwe ali m'udzu pafupi ndi mlathowo, nati apa ndi pomwe panali misasa ya omanga. Anthu ankakhala pamenepa ndi akazi awo ndi ana, m'zisakasa za matabwa, m'matope ndi chisanu, kuyambira 1870 mpaka ntchito itatha. Misasayo adaipatsa mayina onga Sebastopol, Belgravia ndi Jericho. Ngozi zinkapha, ndewu zinkapha, koma nthomba ndiyo idasesa kwambiri. Ku katchalitchi ka St Leonard ku Chapel-le-Dale, kutsika chigwa pang'ono, kudaikidwa anthu oposa 200 ochokera m'misasa imeneyi, ambiri mwa iwo ana, mpaka manda adachita kuwakulitsa.

Ndili pamenepo ndinaganiza za kwathu. Njanji yochoka ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kudzera ku Chiromo mpaka kufika ku Blantyre mu 1908, idakwera mapiri aja ndi makasu ndi mitanga ya anthu athu. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi ku Mozambique, wa makilomita oposa atatu ndi theka, udatha mu 1935, chaka chomwenso njanji idafika ku Salima. Mayina a makampani ndi mainjiniya adalembedwa. Kuno omanga aja ali ndi chikumbutso m'tchalitchi ndi chipilala pansi pa mlatho. Ndikufuna tsiku lina mwana wa ku Luchenza kapena ku Sankhulani adzaime pa mwala wotere, wonena za agogo ake.

Tinakweranso sitima yotsatira ndi tikiti yomwe ija, monga anatilangizira mayi aja. Tinadutsa pamwamba pa mlatho, kenaka mdima wa mphanga ya Blea Moor, makilomita oposa awiri pansi pa phiri. Potuluka, chigwa cha Dentdale chinatseguka kumanzere, chobiriwira, tinyumba toyera tili patalipatali. Siteshoni ya Dent ili pa mamita 350 kuchoka pa nyanja, yokwera kuposa ina iliyonse pa njanji zikuluzikulu za England, ndipo mudzi womwe idatengera dzina uli makilomita oposa 6 kumunsi.

Pa Garsdale achikulire anandikoka dzanja kuti ndione chosema cha galu chomwe chili pa pulatifomu. M'zaka za m'ma 1980 British Rail, bungwe la boma lomwe linkayendetsa njanji panthawiyo, idafuna kutseka njanji yonseyi, ponena kuti kukonza mlatho wa Ribblehead kudzadya ndalama zambiri. Anthu zikwizikwi adalemba makalata okana. Mmodzi mwa oyambitsa gulu lokanalo, Graham Nuttall, adadinditsa phazi la galu wake Ruswarp pa chikalata, ndipo lidawerengedwa, chifukwa galuyo ankayenda pa sitimayi ndi tikiti yolipira. Okonda njanjiyi sadangolemba makalata okha. Adayamba kuikwera mwaunyinji, kuitanira anzawo, masiteshoni ang'onoang'ono omwe adatsekedwa adatsegulidwanso mu 1986, ndipo mu Epulo 1989 boma lidalengeza kuti njanjiyo siitsekedwa. Achikulire anali m'gulu la olemba makalatawo. "Mwana wanga," anatero, "Loweruka lililonse ndinkagula tikiti ngakhale ndilibe kopita. Tinkadziwa kuti ku likulu amawerenga matikiti."

Kupitirira Ais Gill, pamwamba penipeni pa njanjiyi, sitima imayamba kutsetsereka. Kirkby Stephen, Appleby, miyala yotuwa n'kusanduka yofiira, mtsinje wa Eden uli pambali mpaka ku Carlisle. Tafika miyendo ili lendelende.

Lachisanu Loyera, Carlisle, Newcastle, York

M'mawa tinakwera sitima yodula dziko kuchoka kumadzulo kupita kum'mawa, yopita ku Newcastle. Titangowoloka mlatho wa Wetheral achikulire anatulutsa m'jekete kachitini kakale ka fodya. Mkati munali timakatoni tolimba, tofanana msinkhu, kalikonse kosakwana chala m'litali, tobiriwira, tofiira, totuwa, tina tobooledwa m'mphepete. Ndi matikiti omwe akhala akusunga kuyambira ali mnyamata.

Anadikira mpaka tifike pa siteshoni ya Brampton ndiye n'kuyamba kufotokoza. Pamalo amenewa, pomwe kale pankatchedwa Milton, m'zaka za m'ma 1830 pankagwira ntchito munthu wina dzina lake Thomas Edmondson, kalipentala yemwe bizinesi yake idagwa. Masiku amenewo tikiti iliyonse ankachita kulemba pamanja, dzina la wokwera, kopita, mtengo, anthu ali pa mzere kudikira. Iye adaganiza zodinda timakatoni pasadakhale, kalikonse ndi nambala yake motsatana, n'kupanga kamakina kodindira tsiku. Nambalazo ndizo zidali nzeru yeniyeni: madzulo ukaona nambala yoyamba ndi yomaliza, umadziwa matikiti omwe agulitsidwa ndi ndalama zomwe ziyenera kukhala m'kabati. Kachitidwe kameneka kadafalikira maiko ambiri, ndipo British Rail idasiya kukagwiritsa ntchito mu 1990.

Anandipatsa kamodzi kuti ndikagwire. Kanali ka mu 1960, ka mwana, theka la mtengo, m'mphepete mwake mutafewa ndi zala. Anakumbukira tsikulo, yemwe adawaperekeza, ndi mvula yomwe idagwa. Athu a lero ali mu foni, ndipo sabata yamawa palibe adzawaonenso. Sindikunena kuti zakale zibwerere, foni yatipulumutsa ku mizere italiitali. Koma ndinadzifunsa kuti tikiti za sitima ya ku Limbe kupita ku Balaka zomwe tinkakwera popita kumudzi pa holide zidathera kuti. Tinkangotaya pa geti.

Njanji imatsata mtsinje wa Tyne kudutsa Haltwhistle ndi Hexham. Pa Wylam achikulire analoza kutsidya kwa mtsinje, komwe kuli kanyumba komwe George Stephenson, mmisiri wotchuka wa sitima zoyambirira, adabadwira mu 1781. Ku Newcastle tinangosintha sitima pansi pa denga lokhota la siteshoni ya mu 1850. Kuchoka apo liwiro linasintha. Durham inaoneka pawindo, tchalitchi chachikulu chili pamwamba pa chitunda, kenaka Darlington, kwawo kwa njanji ya Stockton and Darlington yomwe idatsegulidwa pa 27 Sepitembala 1825. Tikiti zathu zoduladula zija woyendera anangoziunika zonse n'kupitirira.

Masana tinalowa mu National Railway Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale za njanji, kuseri kwa siteshoni ya York. Kulowa ndi ulele. Anthu ambiri anaunjikana pa Mallard, sitima yamalasha yabuluu yosalala mphuno, yomwe pa 3 Julaye 1938 idathamanga makilomita 203 pa ola, liwiro lomwe sitima yamalasha ina iliyonse sidalipose mpaka lero. Pafupi pali bogi yakutsogolo ya Shinkansen, sitima yothamanga kwambiri ya ku Japan, ya mtundu woyamba womwe udayamba kuyenda mu 1964. Koma ine ndinakhalitsa pa injini ina yotchedwa Ellerman Lines, yomwe adaidula mbali imodzi kuti mkati muoneke. Ng'anjo, mapaipi ambirimbiri odutsa m'thanki ya madzi, njira ya nthunzi mpaka kukakankha pisitoni, zonse poyera. Zomwe ndinaona Lachitatu zikuchitika kuseri kwa chitsulo, lero ndazimvetsa.

Loweruka, York

Chaka chilichonse pa Pasaka ku bwalo la mpikisano wa mahatchi la York kumachitika chionetsero cha tisitima. Tinafika zitseko zisanatsegulidwe koma mzere unali utakhota kale. Ambiri ndi amuna a imvi onyamula zikwama kumsana, koma analiponso makolo ndi ana, ena atanyamula timipando toti mwana akwerepo aone bwino. Pa mzere pomwepo nkhani inali ya matikiti, aliyense kufunsa mnzake kuti wadzera njira iti ndipo walipira zingati. Wina atatchula mtengo wake, anthu atatu anatembenuka nthawi imodzi kumuuza pomwe akanadulira.

Mkati muli matebulo aataliatali, lililonse dziko lakelake. Pena siteshoni ya kumudzi ya m'ma 1950, mkaka uli m'zitini pa pulatifomu. Pena doko, pena mgodi wa malasha, pena depoti ya madizilo ya masiku ano, tiinjini tikulira ngati zenizeni chifukwa mkati adaikamo kachipangizo ka DCC, komwe kamalola kuyendetsa sitima zingapo pa njanji imodzi, iliyonse payokha, ndi nyali ndi phokoso lake. M'mphepete muli ogulitsa: mabokosi ofiira a Hornby, a Bachmann, njanji za Peco, utoto, udzu wa m'mabotolo, ndi tianthu tating'ono togulitsidwa m'timapaketi.

Achikulire anandiphunzitsa miyeso tikuyenda. Wofala kwambiri ku Britain ndi OO, pomwe chilichonse chimachepetsedwa ka 76, pa njanji yotalikirana mamilimita 16.5. Maiko ena ambiri amagwiritsa HO, kuchepetsa ka 87, pa njanji yomweyo. Kusiyanaku kudabwera chifukwa sitima za ku Britain ndi zazing'ono thupi poyerekeza ndi za ku America kapena ku Germany, ndiye kalelo timamota tamagetsi sitinkakwana mkati. Opanga adangokulitsa thupi n'kusiya njanji momwemo. Zotsatira zake n'zakuti njanji ya OO ndi yopanikizika kuposa mmene iyenera kukhalira. Ambiri sizimawakhudza, koma alipo ena omwe zimawasowetsa tulo, ndipo amadzipangira okha njanji ya mamilimita 18.83, kukhoma kathabwa kamodzikamodzi. Ang'ono kwambiri ndi a N, pa mamilimita 9, abwino kwa munthu wa nyumba yochepa. Akuluakulu ndi a O, pa mamilimita 32, omwe ukawanyamula umamva kulemera.

Mitengo ya zinthu zatsopano ndi yowawa, injini imodzi ikhoza kudya malipiro a masiku angapo. Koma omwe anandikopa si ogula. Pa kona ina panakhala bambo wokalamba, magalasi awiri pamphuno, akupanga mtengo. Anatenga mtolo wa mawaya opyapyala a kopa, anaupota pakati kukhala thunthu, kumunsi anayala mizu, kumtunda n'kumagawa mawayawo pawiripawiri, kupota, kugawanso, mpaka nthambi zinathera ku waya umodziumodzi. Zala zake zinkayenda ndendende mmene tinkapindira magalimoto a mawaya kuseri kwa nyumba za njanji ku Limbe, ndipo zanga zinayamba kuyabwa. Ndinamupempha waya. Ndinapota thunthu lonenepa, lalifupi, nthambi zochepa zokhota kumwamba. Anauzunguza m'manja n'kufunsa kuti ndi mtengo wanji. Ndinati mlambe.

Apo ndi pomwe nkhani inayambira. Anaitana mnzake, mnzakeyo anaitana wina, ndipo posakhalitsa ndinazunguliridwa ndi anthu ofuna kudziwa za njanji ya ku Malawi. Ena ankaidziwa kuposa mmene ndimaganizira. Wina anatchula yekha Nkaya, pomwe njanji yopita ku Nayuchi ndi ku Nacala, ya mu 1970, imapatukira. Ndinawafotokozera mmene sitima ya anthu imaimira pa masiteshoni a kumeneko: amayi ndi malichero a nthochi ndi chimanga chootcha pansi pa mawindo, matumba a makala ndi mitolo ya nzimbe kulowetsedwa mwachangu, njinga, nkhuku zomangidwa miyendo, ndalama kudutsa pawindo sitima itayamba kale kuyenda. Mmodzi anati pa matebulo onse a muholoyo palibe siteshoni yokhala ndi moyo wotero, ndipo anandifunsa chifukwa chake sindikuipanga.

Ndinati pa matebulo a ogulitsa sindinaonepo sitima ya kwathu ngakhale imodzi, komanso njanji yathu ndi yopapatiza, mamilimita 1,067, pomwe ya kuno ndi 1,435. Bambo wa mitengo uja anatenga pensulo n'kulemba kuseri kwa envelopu. Ukatenga njanji wamba ya mamilimita 16.5, yopezeka m'sitolo iliyonse, n'kupanga zinthu zako pochepetsa ka 64, njanjiyo imaimira mamilimita 1,056. Kusiyana ndi yathu ndi mamilimita 11 okha, diso silingaone. Anati anzawo a ku New Zealand, komwe njanji ndi yofanana ndi yathu, amachita zomwezo. Mawilo ndi mota umachotsa ku injini yakale yogula motchipa, thupi umapanga wekha ndi pulasitiki yopyapyala kapena katoni.

Ndaona anthu ambiri kuno akuseka amuna akuluakulu oseweretsa tisitima. Sabata ino yandionetsa kuti ndi anthu omwewa amene amadzuka usiku kukayatsa ng'anjo ku Haworth, amene adagula matikiti opanda kopita kuti Ribblehead isatsekedwe, amene amasunga timakatoni m'chitini. Siteshoni zambiri zomwe zili pa matebulo aja zidagwetsedwa kalekale, pamalo pake pali masitolo ndi poimika magalimoto. Munthu adafufuza zithunzi, adafunsa okalamba, adawerenga njerwa, n'kuimanganso. Kwathu njanji ya kumwera kupitirira Makhanga idaduka ndi madzi osefukira ku Chiromo mu 1997, ndipo ana obadwa pambuyo pake sadaione sitima ikuwoloka pamenepo. Omwe akukumbukira mtundu wa utoto wa mabogi, malo a thanki ya madzi, ndi mayina a magadi akutha mmodzimmodzi.

Ndatuluka ndi njanji zitatu zotalika pafupifupi mita imodzi iliyonse, injini yakale ya dizilo yosweka denga koma mota ili bwino, ndi mtolo wa waya wa kopa womwe bambo uja anakana kuti ndilipire.

Lamulungu la Pasaka, kubwerera ku Leeds

Tapemphera m'mawa ku York, masana n'kukwera sitima yobwerera, ulendo wosakwana theka la ola. Achikulire ati m'shedi mwawo muli thabwa lomwe lakhala likudikira ntchito, ndipo Lachinayi madzulo anditenga ku kalabu akandionetse kagonekedwe ka njanji ndi kalumikizidwe ka magetsi.

Ndasankha Nkaya. Ndili m'sitima momwemo ndinatumiza uthenga kwa achimwene ku Balaka kuti akapeza mpata apiteko, akapemphe chilolezo kwa akuluakulu a pa siteshoni, akajambule nyumbayo mbali zonse zinayi. Ndawauza kuti pa chithunzi chilichonse paime munthu pafupi ndi khomo ndipo andiuze msinkhu wake, chifukwa ndi mmene a ku chionetsero aja amapezera miyeso ya nyumba popanda tepi. Ndawapemphanso afunse kwa anzawo a malemu bambo omwe adakali moyo ngati wina adasungako tikiti yakale kapena chithunzi cha mabogi. Ayankha kuti alipo mkulu wina ku Liwonde yemwe anali gadi zaka zambiri, ndipo akamuona Loweruka likubwerali.